Catch can pa injini ya turbo ya direct injection: imathandiza pati, nanga imamangidwa bwanji?

Kachitini kogwira oyilo, kamene m'magalaja amangokatchula kuti catch can, kamagwiradi oyilo amene akanalowa m'njira ya mpweya. Koma sikachotsa kaboni amene wamata kale pa mavalavu, ndipo sikatseka njira zonse zomwe kaboniyo amadzera. Pa injini zina kamapindulitsa. Pa zina mumangodziwonjezera ntchito yokhuthula. Kakamangidwa molakwika kamatulutsa ma seal a injini m'malo mwake, ndipo vuto limenelo limaposa lomwe munkathawa. Choncho musanagule, yambani mwadziwa momwe injini yanuyo imapumira.

Kumene oyiloyo amachokera

Maringi a pisitoni satseka kotheratu, ngakhale pa injini yatsopano. Petulo akaphulika mu silinda, mpweya wina wotentha umadutsa m'mbali mwa maringi n'kutsikira mu crankcase, chipinda cha pansi chija momwe mumazungulira crankshaft. Mpweya wothawawu amautcha blow-by. Umakhala ndi utsi, petulo wosapsa, komanso nthunzi ya madzi yambiri, poti lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi. M'chipindamo crankshaft imakhala ikumenya oyilo mpaka wina amasanduka nkhungu, ndipo nkhunguyo imasakanikirana ndi blow-by.

Mpweya umenewu uyenera kutuluka, apo ayi puresha imakwera n'kukankha oyilo pa ma seal ndi magasiketi. Kale unkangotayidwa pansi pa galimoto kudzera pa payipi yotseguka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 boma la California linalamula kuti magalimoto atsopano aziubweza mu injini kuti ukapse, ndipo lero pafupifupi galimoto iliyonse imatero kudzera mu dongosolo lotchedwa PCV (positive crankcase ventilation).

Pa injini ya port injection zimenezi sizinkavutitsa kwenikweni. Injekita imapopera petulo kumbuyo kwa valavu yolowetsa mpweya, pa puresha ya bar 3 mpaka 5, ndipo petuloyo pamodzi ndi mankhwala otsuka amene amathiramo amasambitsa msana wa valavu nthawi iliyonse ikatseguka. Direct injection inasintha zimenezo. Kuyambira pamene Mitsubishi inatulutsa Galant ya GDI, yomwe ndi direct injection ya petulo, mu 1996, injekita inasamukira mkati mwa silinda momwemo, n'kumapopa pa bar 100 mpaka 200, zatsopano zina mpaka 350. Msana wa valavu unasiya kusamba. Kadontho ka oyilo kakagwera pa valavu yotentha, mbali yake yopepuka imauluka, yotsalayo imamata n'kumapsa pang'onopang'ono, china n'kudzamata pamwamba pake.

Mukachotsa manifodi yogawira mpweya ku masilinda pa injini yotere yomwe yayenda mtunda wautali, mumapeza tsinde la valavu litavala chibumi chakuda, chonyowa pamwamba ngati phula koma cholimba mkati ngati khala. Mukachikanda chimagumuka zibenthuzibenthu. Chibumicho chimachepetsa njira ya mpweya, komanso chimasokoneza kazunguliridwe ka mpweya mu silinda, kamene injini ya direct injection imadalira kwambiri posakaniza petulo. Zizindikiro zake zimayamba m'mawa injini ikadali yozizira: kunjenjemera pa idling, kumisa kwa masekondi angapo, makodi a vuto omwe kompyuta ya injini imalemba, a P0300 mpaka P0304 pa injini ya masilinda 4, kenako mphamvu kuchepa. Mankhwala othira mu thanki sathandiza apa chifukwa petulo safikako n'komwe.

Njira ziwiri za injini ya turbo

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Injini ya petulo ya turbo imapumira mbali ziwiri, mosinthana.

Galimoto ikakhala pa idling kapena ikuyenda mwakachetechete, throttle, kachitseko ka mpweya wolowa mu injini, imakhala yotsekeka pang'ono ndipo mu manifodi mumakhala vakyumu. Vakyumuyo ndi amene amakoka blow-by kuchokera pa chivundikiro cha mavalavu, kudzera pa valavu ya PCV, kupita mu manifodi, pafupi penipeni ndi mavalavu. Iyi ndi njira yoyamba. Mukaponda mafuta turbo n'kuyamba kupopa, puresha ya mu manifodi imaposa ya kunja, nthawi zambiri ndi bar imodzi kapena kupitirira. Puresha yowonjezerayo ndi imene amaitcha boost. Pamenepo check valve, valavu yolola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha, imatseka njira yoyamba ija kuti boost isalowe mu crankcase, ndipo blow-by amatembenukira ku njira yachiwiri: payipi yopita kukamwa kwa turbo, pakati pa sefa ya mpweya ndi turbo, pomwe pamakhala kukoka pang'ono. Oyilo wodzera kuno amanyowetsa turbo, amamata mkati mwa intercooler, choziziritsa mpweya wochokera ku turbo, n'kuchepetsa mphamvu yake yoziziritsa, ndipo wotsalayo amakafikabe pa mavalavu.

Galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku imatha nthawi yake yambiri ili pa vakyumu, choncho ngati mukumanga kachitini kamodzi, malo ake ndi pa njira yoyamba. Galimoto ya mpikisano kapena yokoka katundu wolemera imakhala pa boost nthawi yaitali, ndipo njira yachiwiri ndi imene imanyamula oyilo wambiri. Wofuna kugwira mbali zonse amange tizitini tiwiri. Kulumikiza njira zonse ziwiri pa kachitini kamodzi popanda ma check valve oyenera kumatsegula njira yoti boost ithawire kukamwa kwa turbo kapena ilowe mu crankcase.

Pali injini zina zomwe njira yoyambayo sionekera kunja. Pa BMW N54 ndi pa EA888 ya m'badwo wachitatu ya Volkswagen, blow-by amadutsa m'ngalande za mkati mwa chivundikiro ndi mutu wa injini mpaka kukafika pa mapoti, mabowo olowetsa mpweya ku mavalavu. Palibe payipi yoti mudule. Zida zogulitsidwa za injini zimenezi zimasintha mbale yonse ya PCV kapena kutseka ngalandezo, ndipo zina zimachotseratu njira ya vakyumu. Pa galimoto ya mumsewu zimenezo sizabwino: crankcase yopanda vakyumu pa idling imasunga chinyezi ndi petulo mu oyilo, ndipo ma seal amayamba kuchucha msanga.

Zomwe kachitini sikangagwire

Oyilo wa PCV ndi gwero limodzi chabe. Wina amatsika ndi tsinde la valavu kuchokera pa ma seal a mavalavu, ndipo ameneyu amagwera pomwepo pomwe pamamera kaboni. Wina amatuluka pa turbo yeniyeniyo ikayamba kutha. Palinso utsi wa ekizozi wobwerera m'mapoti, kaya kudzera pa EGR, dongosolo lobweza utsi wina mu injini, kaya panthawi yomwe mavalavu olowetsa ndi otulutsa atseguka limodzi, zomwe injini za masiku ano zimachita dala. Ngakhale mu payipi ya PCV momwemo, timadontho tochepetsetsa timadutsa kachitini wamba osagwidwa. N'chifukwa chake injini yokhala ndi catch can imameretsabe kaboni, kungoti mochedwerapo.

Musanamizidwenso ndi zithunzi za botolo lodzaza matope a bulauni zomwe ogulitsa amakonda kuonetsa. Thirani zomwe mwakhuthula mu botolo loonekera mkati, muzisiye usiku wonse. Mmawa mudzapeza zitagawikana: madzi pansi, phala loyererako pakati, oyilo pamwamba. Nyengo yozizira, kapena ngati galimoto imayenda maulendo afupiafupi, gawo lalikulu limakhala madzi ndi petulo, zomwe zikanangodutsa kapena kupsa mu injini osasiya kanthu. Chofunika kuyeza ndi oyilo wa pamwambayo. Akakhala mamililita 20 kapena 30 okha pa makilomita 5,000, ndiye kuti chosefera oyilo cha kufakitale cha mu dongosolo la PCV chikugwira kale ntchito yake bwino. Kachitini kakamadzaza ndi oyilo weniweni pasanathe makilomita 1,000, injiniyo ikudwala, ndipo ikufunika kuyezedwa kompuresheni, osati kachitini kokulirapo.

Injini zomwe zimapindula

Zoyamba ndi za direct injection yokhayokha, makamaka za mibadwo yoyambirira zomwe zimadziwika ndi kaboni: 2.0 TFSI ya EA113 ya Volkswagen ndi Audi ya 2004, EA888 zoyambirira, N54 ya BMW ya 2006, 1.6 turbo ya Mini ndi Peugeot, 2.3 DISI turbo ya Mazda, ndi EcoBoost 3.5 yoyamba ya Ford ya 2009. Zachiwiri ndi injini zomwe boost yake yakwezedwa. Boost ikakwera blow-by amachuluka kuposa zomwe chosefera cha kufakitale chinapangidwira, ndipo nkhungu ya oyilo ikalowa mu silinda imafooketsa petulo moti amaphulika nthawi isanakwane. Kompyuta ya injini ikamva kugogodako imabweza timing, kutanthauza kuchedwetsa moto wa mapulagi, mphamvu n'kutsika. Timadontho ta oyilo ndi chimodzinso mwa zomwe zimayambitsa LSPI, kuphulika kwadzidzidzi pa liwiro lotsika la injini koma boost ili pamwamba, komwe kumatha kuswa pisitoni.

Injini za dizilo za common rail zokhala ndi EGR nazo zimapindula, mwina kuposa za petulo. Mwaye wa EGR pawokha ndi wouma ndipo wambiri umangodutsa, koma ukakumana ndi nkhungu ya oyilo umasanduka phala lomwe limatseka manifodi. Dizilo alibe vakyumu wa mu manifodi woti adalire, choncho njira ndi imodzi yokha, yopita kukamwa kwa turbo, ndipo kumanga kwake n'kosavuta. Kumeneko chosefera chenicheni ngati ProVent 200 ya Mann+Hummel, chokhala ndi sefa yosinthika ndi valavu yotulutsa puresha ikachuluka, chimaposa kachitini wamba.

Injini zokhala ndi mainjekita a mitundu yonse iwiri sizifuna kachitini pa nkhani ya mavalavu. Toyota inayamba zimenezi ndi D-4S mu 2005, Ford inazitengera pa EcoBoost 3.5 ya m'badwo wachiwiri mu 2017, ndipo EA888 zina za m'badwo wachitatu zogulitsidwa ku Ulaya zili nawonso. Injekita ya pa poti imasambitsa valavu monga kale. Galimoto yomwe ikadali pa waranti nayo ndi bwino kuisiya, chifukwa seal ikatuluka wopanga adzaloza kachitini kanuko. Dziwaninso kuti PCV ndi mbali ya zida zoteteza mpweya, ndipo m'mayiko ena, monga ku United States, kuisintha kuli ndi malamulo ake. Ndipo ngati mwini galimoto satsegula boneti pakati pa sevisi ndi sevisi, asamange n'komwe.

Yezani injini kaye

Kachitini sikachiritsa PCV yowonongeka. Tenthetsani injini, muisiye pa idling, mutsegule chitsekero cha pothirira oyilo. Kukoka pang'ono n'kwabwino. Chitsekero chikamakanirira ngati chamatidwa, injini n'kumalira kamluzu, ndiye kuti diaphragm ya PCV, kalabala ka mkati mwa valavuyo, yang'ambika ndipo vakyumu yense wa manifodi akulowa mu crankcase. Vuto limeneli ndi lodziwika pa EA888 ndi pa BMW zambiri, ndipo limakoka oyilo wochuluka komanso kuwononga seal ya kumbuyo kwa crankshaft. Pakamatuluka utsi mopemerera, PCV yatsekeka kapena maringi atha. Konzani zimenezi kaye.

Kenako lembani manambala awiri oti mudzayerekezere. Loyamba ndi ma fuel trim pa idling, STFT ndi LTFT, osonyeza petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa, owerengedwa ndi kachipangizo ka OBD2 kolumikiza ku kompyuta ya galimoto. Lachiwiri ndi puresha ya mu crankcase, yoyezedwa ndi choyezera puresha chotchedwa manometer ya digito pa payipi ya dipstick kapena pa chitsekero chakale chobooledwa. Injini iliyonse ili ndi nambala yake, kotero chofunika ndi chakuti isasinthe kwambiri mukamaliza. Ngati muli ndi kamera yaing'ono yolowetsa m'mabowo, yotchedwa borescope, jambulani mavalavu a silinda imodzi kapena ziwiri, mulembe makilomita a tsikulo.

Kusankha kachitini ndi mapayipi

Chitini chopanda kanthu mkati, chokhala ndi polowera ndi potulukira moyandikana, sichigwira zambiri. Mpweya umangolowa uku n'kutulukira uko. Kuti timadontho tigwe, mpweya uyenera kuchepa liwiro, kukhota mwadzidzidzi, ndi kugunda pa chinthu chomwe timadonthoto tingamatirepo n'kuphatikizana mpaka kulemera. Tsegulani kachitiniko musanagule. Mukhale chotchinga cholekanitsa polowera ndi potulukira, komanso sefa ya waya wa stainless kapena ya bronze, yomwe kawirikawiri imakhala ya ma micron 40 mpaka 50. Waya wopyapyala wotsukira miphika musauikemo: umachita dzimbiri ndi madzi aja, umayoyoka, ndipo tizidutswa take timathera mu silinda.

Kukula kwa mamililita 200 mpaka 500 kumakwanira injini ya petulo ya galimoto yaing'ono. Kakhale ndi dipstick yake, potsegulira pansi, ndi O-ring pa chivundikiro. Koma chofunika kuposa zonsezi ndi kukula kwa mabowo. Yezani mkati mwa payipi ya kufakitale, yomwe pa injini zambiri imakhala pakati pa mamilimita 10 ndi 19, ndipo pasakhale malo alionse m'njira yatsopanoyo ochepera pamenepo. Tizitini tambiri totchipa timabwera ndi ulusi waukulu kunja koma bowo la mkati la mamilimita 6 kapena 8. Kuchepetsa bowo kuchoka pa mamilimita 16 kufika pa 8 kumasiya gawo limodzi lokha mwa magawo 4 a malo odutsa mpweya. Pa idling simudzaona kanthu. Pa boost yonse, dipstick imadumpha ndipo oyilo amatulukira pa seal.

Musanamange, tsekani bowo limodzi ndi chala, mumize kachitiniko m'madzi n'kupemerera pa linalo. Thovu likatuluka, mpweya udzalowanso pomwepo injini ikamakoka.

Payipi ikhale yopirira oyilo ndi petulo, monga ya mulingo wa SAE J30, ndiponso ya khoma lolimba loti isafinyike ndi vakyumu ikatentha. Payipi ya madzi a radiyeta kapena ya hita imafufuma n'kufewa ikakumana ndi oyilo. Ya silikoni wamba imatuluka thukuta la oyilo ndipo imaphwatalala. Mufunikanso makilampu pa mfundo iliyonse, bulaketi yolimba, ndi check valve imodzi ya bowo lalikulu yomwe imatseguka ndi mpweya wochepa. Muziitha kuitsegula ndi mpweya wa pakamwa mosavutikira.

Kamangidwe kake

Gwirani ntchito injini itazizira. Jambulani mapayipi onse asanachotsedwe, ndipo mutsimikize kuti payipi yomwe mwasankha ndi yochokera pa PCV kupita ku manifodi, osati ya buleki kapena ya nthunzi ya petulo yochokera ku thanki, poti zonsezi zimalowa mu manifodi moyandikana. Zolumikizira za pulasitiki zimauma ndi kutentha. Finyani timakutu take bwinobwino, osazikanula ndi sikuludiraiva. Payipi ya kufakitaleyo musaidule. Isungeni kuti mudzathe kubwezeretsa.

Malo a kachitini asankhidwe mosamala. Kaime chilili, komangidwa pa bodi ndi mabawuti awiri, kutali ndi turbo ndi manifodi ya ekizozi, pomwe dzanja lingafike pokhuthula. Malo ozizira amagwira zambiri chifukwa nthunzi imasanduka madzi, koma zambirizo ndi madzi omwewo. Kumadera kumene kumagwa chisanu choundanitsa madzi, kachitini kokhala kutsogolo pa mphepo kamauma gwa, njira n'kutsekeka, puresha n'kutulutsa seal pa ulendo umodzi wokha. Kumeneko kayandikitseni ku injini, mapayipi muwakutire, kapena mubwezeretse payipi ya kufakitale nyengoyo ikafika. Si pachabe kuti opanga magalimoto amafupikitsa mapayipi a PCV, ndipo ena amaikamo hita yamagetsi.

Dongosolo pa njira yoyamba ndi ili: chivundikiro cha mavalavu, valavu ya PCV, polowera pa kachitini, potulukira, check valve yanu ija, kenako manifodi. Muvi wa pa check valve uloze ku manifodi. Popanda iyo, kachitini ndi mapayipi ake zimalandira boost yonse nthawi iliyonse mukaponda, chifukwa check valve ya kufakitale imatsalira kumbuyo kwake. Mukaitembenuza molakwika, njira ya vakyumu imatsekeka kotheratu. Onaninso zolemba za IN ndi OUT: kachitini kotembenuzidwa kamatumiza mpweya mosemphana ndi chotchinga, ndipo nthawi zina kamayamwa zomwe kagwira kale.

Pa njira yachiwiri, kachitini kamangokhala pakati pa chivundikiro ndi payipi ya kukamwa kwa turbo. Musawonjezerepo check valve mwachisawawa, chifukwa pa injini zambiri payipi yomweyo ndi imene imalowetsa mpweya wabwino mu crankcase panthawi ya vakyumu, ndiye kuti mpweya umayendamo mbali zonse ziwiri. Ngati payipi ya kufakitale ili ndi sensa, monga zilili pa EcoBoost zina, sensayo ikhalebe m'njiramo. Ikachotsedwa, kapena kuyenda kwa mpweya kukasintha kwambiri, kompyuta imalemba kodi ya P04DB.

Mapayipi akhale aafupi, osapitirira theka la mita iliyonse ngati malo alola. Pasakhale pokhota mopinda, ndiponso pasakhale pogwera pansi ngati chigwa, chifukwa madzi ndi oyilo zimasonkhana pamenepo n'kutseka njira. Siyani kampata koti injini izigwedezeka pa ma mounting ake osakoka payipi, ndipo mangani payipiyo kutali ndi malamba ndi fani.

Mukamaliza, lizani injini mumvetsere kafwee ka mpweya wolowa pobowoka. Werenganinso ma fuel trim. Akakwera ndi mapointi opitirira 5 poyerekeza ndi omwe munalemba, pali pomwe pakulowa mpweya womwe sensa sinauwerenge. Mukazisiya mudzaona P0171 kapena P2187, kapenanso idling yokwera ya P0507. Makina opopera utsi amapeza pobowoka msanga. Yezaninso puresha ya mu crankcase. Kenako yendetsani galimoto muponde mpaka boost yonse kangapo, muime, muone ngati dipstick ili m'malo mwake, makilampu sanasunthe, ndipo palibe oyilo watsopano pozungulira chivundikiro.

Za kachitini kokhala ndi kasefa pamwamba kotayira mpweya panja, musavutike nako pa galimoto ya mumsewu. Kamanunkhitsa m'galimoto, kamachotsa vakyumu wa mu crankcase, kamasokoneza kawerengedwe ka MAF, sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndipo m'mayiko ambiri n'koletsedwa.

Kukhuthula

Yang'anani koyamba pakatha makilomita 500, kachiwiri pakatha 1,000. Kuchokera pamenepo mudzadziwa liwiro lomwe kamadzazira, ndipo muzikhuthula kasanafike theka. Liwirolo limasintha ndi nyengo: kachitini kotha makilomita 5,000 nthawi yotentha kakhoza kudzaza pa 1,000 nthawi yozizira. Kakasefukira, injini imameza zamadzizo kamodzin'kamodzi, utsi woyera kapena wa buluu n'kutuluka, mapulagi n'kunyowa. Zikachuluka kwambiri zikhoza kupinda con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ku crankshaft, poti madzi safinyika. Pa dizilo, oyilo wolowa mochuluka amasanduka mafuta oyendetsera injini, ndipo imatha kuthamanga yokha osamvera kiyi.

Zomwe mwakhuthula musazibwezere mu sampu. Muli madzi, petulo ndi asidi. Zithireni mu chigubu cha oyilo wakutha. Tsekani potsegulira pansi mwamphamvu, chifukwa pakatsala potseguka ndiye kuti mwaboola manifodi. Sefa ya mkati muziitsuka ndi brake cleaner posintha oyilo, iume kaye musanaibwezere, ndipo muziona O-ring ngati sinaphwanyike. Sefa yotsekeka ndi phala imachita zomwe limachita bowo laling'ono lija.

Amene safuna kukhuthula ali ndi njira ina: chosefera chobwezera oyilo mu sampu chokha. Zabwino zake za injini ya petulo zimatenthetsedwa ndi madzi a injini kuti nthunzi isasanduke madzi, oyilo yekha ndiye azibwerera. Payipi yobwezera iyenera kulowa pansi pa mlingo wa oyilo kapena kukhala ndi check valve, kupanda kutero blow-by amakwera nayo n'kulambalala sefa.

Ngati kaboni alipo kale

Tsukani mavalavu musanamange, chifukwa kachitini pa mavalavu akuda sikasintha chilichonse chomwe mungamve poyendetsa. Njira yodalirika ndi kupopera zikhokho zoperapera za walnut ndi mpweya wa kompuresa. Zikhokhozo n'zolimba mokwanira kugumula kaboni koma sizikanda aluminiyamu. Manifodi imachotsedwa, injini imazunguzidwa ndi dzanja mpaka mavalavu a silinda yomwe mukutsuka atatsekeka kotheratu, mapoti enawo amamatidwa ndi tepi, ndipo choyamwa fumbi chimakoka zikhokho pamene zikupoperedwa. Kuti mutsimikize kuti valavu yatsekeka, thirani timadzi totsukira pang'ono mu poti muone ngati tikukhala osatsika. Pobwezera manifodi ikani magasiketi atsopano. Mankhwala opopera mu throttle injini ikulira amafewetsa kaboni wanthete yekha, ndipo pa chibumi chachikulu akhoza kugumula chibenthu chomwe chimadutsa mu silinda n'kukamenya turbo.

Oyilo amene mumathira amasintha kuchuluka kwa zomwe zimafika mu kachitini. Pali muyeso wotchedwa NOACK, pomwe oyilo amatenthetsedwa pa madigiri 250 kwa ola limodzi n'kuona wochuluka bwanji wauluka. Mulingo wa API, bungwe la ku America loika miyezo ya oyilo, umalola mpaka 15 peresenti, pomwe MB 229.5 ya Mercedes-Benz imalola 10 yokha. Mwa oyilo amene wopanga galimoto yanu amavomereza, sankhani wa nambala yotsika, komanso wa API SP, mulingo wa 2020 womwe umayesa za LSPI. Musapyoze mzere wa pamwamba pa dipstick, poti oyilo wochuluka amamenyedwa ndi crankshaft n'kuchulukitsa nkhungu. Galimoto ya maulendo afupiafupi izipatsidwa ulendo wautaliko kawirikawiri kuti oyilo afike cha pa madigiri 90 mpaka 100, chinyezi chituluke.

Pakatha makilomita 20,000, lowetsaninso borescope pa masilinda omwe aja, mujambule kuchokera mbali yomweyo, muike zithunzi ziwirizo pamodzi. Kaboni akakhala kuti wamera kwambiri pa silinda imodzi yokha, makamaka motsika ndi tsinde la valavu kuchokera pamwamba, gwero lake ndi seal ya valavu imeneyo, ndipo ndi imene muyenera kusintha.